Kafufuzidwe ka mmene kutsekeredwa payekha m'ndende kumakhudzira ubongo wa mkaidi

Munthu akatsekeredwa yekha m'kachipinda, osaona dzuwa, osamva mawu a anzake, osagwira china chilichonse kupatula khoma, bulangete ndi mbale yodyera, ubongo wake umayamba kugwira ntchito mosiyana ndi kale, ndipo kusinthako kukhoza kuyezedwa. Ndalemba malangizowa poganizira ophunzira zaudokotala ndi zamaganizo, anzanga ogwira ntchito zaumoyo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, komanso amene amathandiza akaidi pa nkhani zamalamulo. Ambiri akamva za kafukufuku wotere amathamangira kufunsa za makina oyezera ubongo, koma ine ndikulangiza kuti makinawo akhale omalizira. Choyamba muyeze chipinda, kenako mumudziwe munthuyo ndi mbiri ya thanzi lake, ndipo mukatha zimenezo ndi pamene mungamate timawaya pamutu pake, chifukwa mizere yomwe makina amajambula ilibe tanthauzo kwa amene sadziwa komwe mutuwo wagona ndi zomwe wadutsamo.

Yambani ndi kugwirizana tanthauzo la mawu. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi, omwe adavomerezedwa mu 2015 ndipo amatchedwa ndi dzina la Nelson Mandela, amati kutsekeredwa payekha ndi kusunga mkaidi kwa maola 22 kapena kuposerapo pa tsiku popanda kucheza kwenikweni ndi munthu wina. Zikapitirira masiku 15 otsatizana, malamulowo amaletsa, monganso amaletsa kuika munthu m'chipinda chamdima kapena choyaka getsi usiku ndi usana. Tsatirani tanthauzo limeneli kuti zomwe mwapeza zikhoze kufanizidwa ndi za ofufuza a kwina. Komabe musiyanitse zinthu ziwiri zomwe zimayendera limodzi koma sizofanana: kusowa anthu ocheza nawo, ndi kusowa zoona, zomva ndi zokhudza. Mkaidi akhoza kukhala yekha m'chipinda chaphokoso kwambiri, momwe zitseko zachitsulo zikumenyeka tsiku lonse, ndipo wina akhoza kukhala yekha m'chipinda chachete ndi chamdima. Onsewo asowa anthu, koma zomwe makutu ndi maso awo akulandira n'zosiyana, choncho musawaike m'gulu limodzi.

Pali malire omwe wofufuza sayenera kuwadumpha. Simungapemphe kuti munthu atsekeredwe payekha, kapena kuti akhalemo tsiku limodzi lowonjezera, n'cholinga choti mupeze zoyeza. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuzunza munthu kapena kumusunga mwankhanza ndi monyozetsa, ndipo gawo lomwelo limaletsa kuchita kafukufuku wachipatala kapena wasayansi pa munthu iye asanavomere. Ntchito yanu ndi kuyeza zomwe zachitika kale kapena zomwe zikuchitika popanda dzanja lanu. Ndondomeko yanu iyambe yavomerezedwa ndi komiti younika kafukufuku wa zaumoyo, kaya ndi NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati mukufuna kulowa m'ndende mufunikanso chilolezo cha likulu la ndende.

Nkhani ya chilolezo cha mkaidi mwiniwake ndi yovuta kuposa mapepala onsewa. Munthu amene wazolowera kunjuta ndi kuyankha kuti "inde bwana" kwa aliyense wovala bwino adzavomeranso kwa inu, ngakhale mumtima sakufuna. Mumufotokozere m'Chichewa chomveka, msilikali wa ndende ali poti akukuonani koma sakumva, kuti kukana sikumubweretsera chilango ndipo kuvomera sikumuchepetsera masiku. Mufunseni kuti abwereze m'mawu akeake zomwe wamva. Chifukwa cha vuto limeneli, ndikuona kuti wofufuza woyamba kumene achita bwino kuyamba ndi anthu omwe adatuluka kale, amene angabwere okha kuchipatala kuchokera ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Lizulu, ndipo angathe kunyamuka n'kumapita ngati atopa nanu.

Musanayeze kanthu, dziwani zomwe ena adapeza kuti mudziwe chomwe mukufunafuna. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pa yunivesite ya McGill ku Montreal, gulu la Donald Hebb lidalipira ophunzira madola 20 pa tsiku kuti agone m'kachipinda atavala magalasi olowetsa kuwala koma osaonetsa chinthu, manja atakutidwa ndi magolovesi ndi makatoni, m'makutu mukumveka kulira kumodzimodzi kwa makina. Ambiri adalephera kupirira kupyola masiku awiri kapena atatu, ena adayamba kuona zinthu zomwe palibe, ndipo mafunde amagetsi a mu ubongo wawo adayamba kuyenda pang'onopang'ono. John Zubek wa ku Manitoba adabwereza zoterezi m'zaka za m'ma 1960 kwa masiku ofika 14, napeza kuti kuchedwa kwa mafundeko kumapitirira kwa masiku angapo munthu atatuluka. Mu 1972 Paul Gendreau ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza pa akaidi 20 a ku Canada, ena mwa iwo atakhala paokha masiku 7: liwiro la mafunde awo lidatsika, ndipo ubongo wawo unkayankha msanga kuposa kale ukaona kuwala, ngati kuti wayamba kulakalaka chilichonse choti uone. Mu 1983 Stuart Grassian, dokotala wa zamaganizo, adafotokoza zomwe adamva kwa akaidi a ku Walpole m'dera la Massachusetts, monga kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kumva mawu a anthu omwe palibe, mantha ogwira mwadzidzidzi, kuiwala ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Powerenga zimenezi kumbukirani kuti wophunzira wa ku McGill ankadziwa kuti akagogoda amutsegulira, pamene mkaidi alibe ufulu umenewo, ndipo kusadziwa tsiku lotuluka nakonso kumalemetsa maganizo.

Tsopano yezani chipinda. Tengani tepi muyeze mulitali, mulifupi ndi kutalika kwa khoma, mulembe ngati pali zenera, kukula kwake, ndiponso ngati munthu ataimirira angathe kuona kunja. Yezani kuwala m'mawa, masana ndi usiku pogwiritsa ntchito kachipangizo koyezera kuwala, ndipo phokoso muliyeze nthawi zomwezo. Lembani maola omwe munthuyo amatuluka, amene amamubweretsera chakudya, ngati amamulankhula kapena amangokankhira mbale pansi pa chitseko, ngati ali ndi Baibulo, Korani kapena pepala lililonse loti awerenge, ndiponso ngati angathe kulankhulana ndi wa m'chipinda choyandikana nacho kudzera pakhoma. Kuno ku Dedza musaiwale kuyeza kuzizira, popeza tili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo munthu wogona pasimenti mu June ndi July ndi bulangete limodzi sagona tulo tokwanira, pamene kusowa tulo pakokha kumasintha mafunde a mu ubongo. Ngati mukugwira ntchito ndi munthu amene adatuluka kale, mupatseni pepala ajambule chipindacho, kapena ayende pansi kusonyeza mapazi angati omwe ankaponda kuchokera kukhoma kufika kuchitseko. Anthu otere amakumbukira chiwerengero cha mapaziwo bwino lomwe, chifukwa kwa masiku ambiri kuwerenga mapazi ndiyo idali ntchito yokhayo yomwe adali nayo.

Kusankha anthu ofanizira nawo kuli ndi vuto lomwe ndi lathulathu. M'ndende za m'Malawi chodandaulitsa chachikulu ndi kuthithikana, monga momwe khoti lidanenera pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009, pamene lidagamula kuti kudzaza kwa ndende pamodzi ndi kuchepa kwa mpweya ndi kusunga anthu mosalemekeza umunthu wawo. Izi zikutanthauza kuti mkaidi wa m'chipinda cha anthu ambiri, yemwe amagona chokhala atatsamira mawondo a mnzake, nayenso ali pamavuto ndipo ubongo wake si wa munthu wopuma bwino. Mukamufanizira ndi wotsekeredwa payekha, ndiye kuti mukufanizira mavuto awiri osiyana. Choncho pakufunika magulu atatu: otsekeredwa paokha, a m'zipinda za anthu ambiri, ndi anthu a kumudzi a msinkhu ndi maphunziro ofanana nawo omwe sadalowepo m'ndende. Mufunse aliyense ngati adatsekeredwapo payekha m'mbuyomu, kuphatikizapo m'chitolokosi cha apolisi. Kafukufuku wa ku Colorado wa mu 2010, yemwe adati kutsekeredwa payekha sikudawononge maganizo a akaidi kwenikweni, adadzudzulidwa mwa zina chifukwa ena mwa anthu ofanizira nawo adalinso atakhalapo paokha. Kusunga munthu payekha si nkhani yachilendo kwathu kuno, ndipo akuluakulu amakumbukira Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo, yemwe adasungidwa motero kwa nthawi yaitali mpaka adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Mbiri ya thanzi la munthu muitenge mosathamanga, chifukwa apa ndi pamene kafukufuku wa kuno angagwe kapena kuima. Zinthu zambiri zomwe zimachedwetsa mafunde a mu ubongo n'zofala pakati pathu. Mufunse ngati adadwalapo malungo aakulu okomoka nawo ali mwana, ngati ali ndi khunyu, ngati adamenyedwapo m'mutu mpaka kukomoka pomwe ankagwidwa kapena pa ngozi ya njinga, ndiponso mmene ankamwera kachasu kapena kusuta chamba asanamangidwe. Lembani mankhwala onse omwe akumwa, popeza phenobarbitone ndi diazepam amachulukitsa mafunde othamanga, carbamazepine ndi chlorpromazine akhoza kuchedwetsa mafunde, ndipo efavirenz, yemwe ena omwa ma ARV adamugwiritsapo ntchito, amadziwika ndi maloto oopsa ndi chizungulire. Yang'anani khungu la pakhosi ndi pamikono ngati lada ndi kusupuka, chifukwa pellagra, matenda obwera munthu akamadya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira, amasokoneza mutu mofanana ndi zomwe mukufufuzazo. Muyezeni sikelo, muyeze shuga wa m'magazi, ndipo mulembe nthawi yomwe wadya komaliza. Amene wadya nsima ya mgaiwa ndi nyemba dzulo masana n'kugona osadyanso kanthu akhoza kuonetsa mafunde ochedwa m'mawa, ndipo wofufuza wosasamala adzanena kuti ndi chipinda pamene ndi njala. Chinanso, akaidi ambiri amaikidwa paokha chifukwa adayamba kale kuvutika maganizo n'kumasokoneza anzawo, choncho mufufuze kwa achibale, kwa a nyapala a m'chipinda chake chakale ndi m'buku lake lachipatala kuti mudziwe chomwe chidayamba.

Pocheza naye gwiritsani ntchito mafunso ofufuzira mavuto a m'maganizo omwe adayesedwa kale m'Chichewa, monga SRQ-20 ndi PHQ-9, koma musalekere pomwepo. Mufunseni kuti, "Bambo, usiku mukakhala nokha muja, munkamva chiyani?" ndipo mudikire, ngakhale atakhala chete nthawi yaitali. Wina adzati ankamva malemu amayi ake akumuitana, wina adzati khoma linkayenda kubwera kwa iye, wina adzati adamulodza. Lembani mawu ake momwe wawanenera, osawasandutsa msanga kukhala mayina a matenda, ndipo mufunse tsiku lomwe zidayamba ndi ngati zidasiya atatuluka. Akaidi ambiri amabisa zoterezi poopa kutchedwa amisala, n'chifukwa chake kukumana kamodzi sikokwanira. Onjezerani mayeso afupiafupi osafuna kudziwa kulemba, monga kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo, kutchula mayina a nyama omwe angakumbuke pa mphindi imodzi, ndi kukumbukira mawu asanu pakatha mphindi zisanu.

Mukafika apa ndiye mwayenera kugwira makina a EEG, omwe amajambula timagetsi tating'ono kwambiri totuluka mu ubongo kudzera pachikopa cha mutu, njira yomwe Hans Berger wa ku Germany adaiyamba mu 1924. Mafunde omwe mukuwafuna kwambiri ndi a alpha, omwe amagunda pakati pa 8 ndi 13 pa sekondi ndipo amaoneka bwino kunkhongo munthu akatsinzina ali maso. Ochedwerapo ndi a theta, a pakati pa 4 ndi 8, ndipo ochepera 4 ndi a delta, omwe mwa munthu wamkulu wathanzi amayenera kuoneka ali m'tulo tofa nato basi. Makina oterewa ndi osowa m'zipatala za m'maboma, ndipo ukatswiri wambiri uli ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe akhala akuyeza ana odwala malungo aakulu kwa zaka zambiri, choncho gwirizanani ndi akatswiri a kumeneko kuti akuphunzitseni ndi kukuthandizani kuwerenga zojambulidwazo. Masiku ano kuli makina ang'onoang'ono onyamulika olumikiza ku laputopu, omwe angakwane m'chikwama n'kukwera nawo minibasi ya pamsewu wa M1.

Kayezedwe kake n'kotere. Munthuyo asambe m'mutu ndi sopo ndipo asadzole mafuta, chifukwa mafuta amatchinga magetsi. Muyeze mutu ndi tepi kuchokera pamphuno pakati pa maso kufika pa kafupa ka kunkhongo, ndi kuchokera kukhutu kufika kukhutu linalo, kenako muike zizindikiro motsata dongosolo la 10-20, lomwe limagwiritsa ntchito timawaya 19 pamutu. Pukutani malo aliwonse, pakani phala lake lomatira, ndi kukanikiza kachitsulo mpaka makina asonyeze kuti kagwira bwino. Musanatero mupatseni kawaya kamodzi akagwire m'manja, kapena mukamate padzanja lanu iye akuona, ndipo mumuuze momveka kuti, "Bambo, timawayati sitilowetsa magetsi m'mutu mwanu, ndipo sitingathe kuwerenga zomwe mukuganiza." Munthu amene adazunzidwapo akaona mawaya akuyandikira mutu wake amauma thupi, ndipo minofu ya nsagwada ikalimba imadzaza chojambulidwa chonse ndi timizere tothithikana tomwe timabisa mafunde enieni. Kunjenjemera ndi chisanu kumachita chimodzimodzi, choncho m'miyezi yozizira mumufunditse bulangete ndipo mudikire thupi lifunde. Zulani laputopu kumagetsi kuti iyendere batire, popeza magetsi athu amagunda ka 50 pa sekondi ndipo amalowerera m'chojambulidwa.

Jambulani mphindi zisanu atatsinzina ndi mphindi zisanu atatsegula maso, kenako mubwereze. Wina akhale akumuyang'ana nkhope, chifukwa munthu wosowa tulo amayamba kuodzera msanga, alpha n'kuzimiririka, theta n'kutulukira, ndipo zimenezo mukhoza kuziyesa kuwonongeka kwa ubongo pamene ndi tulo chabe. Mukaona mutu ukugwa, nenani modekha kuti, "Tsinzinani ndithu, koma musagone," ndipo mulembe nthawi yomwe mwalankhula. Ngati makina anu ali ndi getsi lophethira kapena mahedifoni, mungathe kuyezanso liwiro lomwe ubongo umayankhira kuwala kapena kulira, monga adachitira Gendreau, koma getsi lophethira musaligwiritse ntchito pa munthu wa khunyu popanda dokotala pafupi. Nthawi yoyezera ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka m'mawa munthu atadya kanthu.

Chinthu chofunika kwambiri pa kawerengedwe ndi chakuti munthu afaniziridwe ndi iye mwini. Liwiro la alpha limasiyana mwachibadwa, wina 9, wina 11, ndipo kusiyana kumeneku kukhoza kuposa kusintha komwe chipinda chabweretsa. Mukayeza munthu kamodzi n'kupeza 9.5 simungadziwe ngati adabadwa choncho kapena watsika kuchokera pa 10.5. N'chifukwa chake muyenera kuyeza kangapo: ngati n'kotheka asanalowe kapena atangolowa kumene, kenako ali momwemo, tsiku lotuluka, patatha sabata, patatha mwezi, ndi patatha miyezi itatu. Kwa amene adatuluka kale, kukwera pang'onopang'ono kwa liwirolo m'masabata otsatira ndi umboni woti lidali litatsika. Mapulogalamu aulere monga EEGLAB ndi MNE-Python amatha kuwerengera mphamvu ya mtundu uliwonse wa mafunde ndi liwiro lomwe alpha wakwera kwambiri, koma musanawapatse ntchito muyang'ane chojambulidwacho ndi maso anu n'kuchotsa malo omwe munthu waphethira, wameza malovu kapena wagwedezeka. Amene akuwerenga asadziwe kuti fayilo ndi ya gulu liti. Mafayilo akhale ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo pepala lolumikiza manambala ndi mayina lisungidwe kunja kwa ndende.

Za MRI ndinene mwachidule. Makinawa amaonetsa kukula kwa zigawo za ubongo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 wa anthu omwe adakhala miyezi 14 pa siteshoni ya Neumayer III ku Antarctica adapeza kuti kachigawo ka hippocampus, yomwe imathandiza kukumbukira ndi kuzindikira malo, kadachepa ndi pafupifupi 7 peresenti. Anthuwo sadali akaidi ndipo adali ochepa, choncho zimenezi zikungosonyeza koyang'ana. Kunyamula mkaidi kuchokera ku Ntcheu kupita naye kumakina oterewa kumafuna ndalama zambiri ndi operekeza, ndipo ulendowo pawokha, ndi zonse zomwe aone ndi kumva m'njira, umadula kusowa zoona ndi zomva komwe mukufuna kuyeza.

Polemba zomwe mwapeza, nenani chiwerengero cha anthu omwe mudayeza, omwe adakana ndi omwe adasiyira panjira, popeza nthawi zambiri odwalitsitsa ndi amene amalephera kumaliza, ndipo akachoka gulu lotsalalo limaoneka lathanzi kuposa momwe zilili. Musalembe kuti ubongo wawonongeka chifukwa choti alpha watsika pang'ono, komanso musalole kuti EEG yooneka bwino igwiritsidwe ntchito ngati umboni woti munthu sadavutike, chifukwa munthu akhoza kumva mawu usiku uliwonse ndi kuganiza zodzipha pamene mafunde ake akuoneka abwinobwino. Ikani pamodzi muyeso wa chipinda, mawu a munthuyo, mayeso a kukumbukira ndi mafunde, ndipo munene poyera pamene zikugwirizana ndi pamene zikutsutsana.

Zikhoza kuchitika kuti muli pakati pa ntchito mwapeza munthu amene wasiya kudya, akudzivulaza, kapena sakudziwanso tsiku ndi malo omwe ali. Zikatero kafukufuku aime kaye. Malamulo a Mandela aja amalamula ogwira ntchito zaumoyo kuyendera tsiku ndi tsiku mkaidi wosungidwa payekha, kudziwitsa mkulu wa ndende mosachedwa akaona kuti thanzi lake likuipa, ndi kulangiza kuti chilangocho chithe kapena chisinthidwe, ndipo amawaletsa kutenga nawo mbali popereka chilango. Musasaine pepala lililonse lonena kuti munthu ali ndi mphamvu zopitirizira kukhala payekha. Dziwitsani wachipatala wa pandendepo tsiku lomwelo, konzani zoti munthuyo aonedwe ndi wa zamaganizo pachipatala cha boma kapena atumizidwe ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero, ndipo ngati palibe chikusintha, lemberani bungwe loyendera ndende lomwe lidakhazikitsidwa ndi gawo 169 la malamulo oyendetsera dziko, kapena bungwe la Malawi Human Rights Commission. Njira yonseyi, kuphatikizapo amene adzaimbe foni ndi amene adzaimbiridwe, ilembedwe m'ndondomeko yanu ndipo akuluakulu a ndende aidziwe musanayeze munthu woyamba.